Ndolo za rose gold: kufiirirako n'kwa mkuwa

Usiku wina mwezi wa July 2025, nditadzikulunga m'bulangete kuno ku Joni, chisanu chikulowera pansi pa chitseko, mlamu wanga wa ku Area 25 ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Linali khutu la mtsikana wina wa pa intaneti, litavala ndolo yaikulu yozungulira, yonyezimira mofiirira ngati dzuwa likamalowa ku Dzalanyama. Pansi pake analemba kuti, "Alamu, zoterezi akuti ndi rose gold. Mundipezereko za pachinkhoswe cha mng'ono wanga mu December, paja inu muli kwawo kwa golide."

Kwawo kwa golide! Abale athu kumudzi amaganiza kuti kuno timangotola ngati mango a m'dzinja. Komabe Loweruka ndinakwera takisi kulowa m'tauni, ndipo pashopu ina yodzaza mawigi, zikwama ndi mikanda ndinapeza zofanana ndendende ndi za pachithunzi zija, R70 peyala. Ndinagula mapeyala awiri, ina ya mlamu ina yanga. Sabata yoyamba aliyense ankandiyamikira. Yachiwiri khutu lakumanzere linayamba kuyabwa. Pofika yachitatu, kawaya kolowa m'khutu kanali katatuwa ngati msomali, ndipo pakhungu panali patatsala kamzere kobiriwira.

Kutchalitchi kwathu kuli bambo ena a ku Zomba amene akhala zaka zambiri akupolisha mphete ndi maunyolo kwa wosula golide wina m'tauni muno. Zala zawo n'zakuda kosachoka chifukwa cha mankhwala opolishira. Titatuluka m'mapemphero ndinawaonetsa ndolo ija pachikhatho. Anaitembenuza kamodzi, n'kuikanda ndi chikhadabo, n'kundibwezera.

"Mayi, apa mwagula mtundu. Golide simunagule."

Rose gold amene timavalayu sakumbidwa pansi ali wofiirira choncho. Amachita kupanga. Golide akayengedwa n'kutsala yekhayekha amakhala wachikasu kwambiri, ngati pakati pa dzira la nkhuku yachikuda, ndipo ndi wofewa modabwitsa. Kawaya kake mukhoza kukapinda ndi zala, ndipo ndolo yake ingapotoke mutangoigonera usiku umodzi. N'chifukwa chake osula amamusungunula pamodzi ndi zitsulo zina kuti alimbe. Akathira siliva ndi mkuwa mofanana, golide amakhalabe wachikasu. Akathira palladium kapena nickel amayera. Akachulutsa mkuwa amafiirira, ndipo ameneyo ndiye rose gold.

Amene anaphikapo thobwa amva msanga. Phala la chimanga limakhala loyera, koma mukathira chimera cha mawere limasanduka lofiirira, ndipo kufiirira kwake kumatengera dzanja la wothirayo. Kuno phala ndiye golide, chimera ndiwo mkuwa. Kasiliva kamene ambiri amawonjezera n'kongozimitsa moto wa mkuwawo kuti mtundu upite ku pinki. Msakanizo wodziwika kwambiri wa rose gold wa makarati 18 umakhala chonchi: pa magawo 1,000 alionse, 750 ndi golide, pafupifupi 222 ndi mkuwa, otsala pafupifupi 28 ndi siliva. Akachotseratu siliva n'kuika mkuwa magawo 250, ogulitsa amamutchula red gold. Akachepetsa mkuwa kufika pa 200 siliva n'kukhala 50, amati pink gold. Koma maina atatuwa sali ndi malire enieni. Wosula aliyense ali ndi kaphikidwe kake, ndiye musadabwe mukaika ndolo ziwiri za makarati ofanana pamodzi, ina n'kuoneka ngati pichesi ina ngati njerwa yootcha.

Karati ameneyu amasokoneza anthu ambiri, koma ndi masamu a Sitandade 5. Golide wopanda chosakaniza chilichonse amati wa makarati 24. Wa makarati 18 ndiye kuti pa magawo 24, okwana 18 ndi golide ndipo 6 ndi zitsulo zina. Wa makarati 9, amene wadzaza m'mashopu a zodzikongoletsera a m'mamolo a kuno ku South Africa, ali ndi golide magawo 9 okha pa 24. Pandolo sipakhala malo olembapo zonsezi, choncho amadinda tinambala ting'onoting'ono towerengera pa 1,000. Mukaona 375 ndiye makarati 9, 585 ndi makarati 14, 750 ndi makarati 18, 916 ndi makarati 22. Koma 925 si golide ayi, ndi siliva. Musasokonezenso ndi karati wa miyala ngati dayamondi, amene ndi muyeso wa kulemera, galamu 0.2. Dzina lokha ndi limene likufanana.

Tsopano pali chinthu chimene chinandidabwitsa. Ine ndinkaganiza kuti ndolo ikafiirira kwambiri ndiye kuti "yakhwima", golide wake ngwambiri. N'zosiyana. Kufiirako ndi kwa mkuwa, ndipo mkuwa umachuluka pamene golide wachepa. Mu rose gold wa makarati 9, mkuwa umaposa golide. Wa makarati 22 sangafiire kwenikweni, chifukwa malo otsalira mkuwa ndi ochepa. Ndipo ndolo ya makarati 18 yachikasu, yoyera ndi yofiirira, zikakhala zolemera chimodzimodzi, golide wa m'kati mwake ndi wofanana. Tsiku limene zinthu zathina n'kupita nazo kopinyolitsa, mwini shopu safunsa mtundu. Amayang'ana chidindo, amayesa, n'kuika pasikelo. Ngati wina akukutchajani ndalama zambiri chifukwa choti "uyu ndi rose gold, ngwosowa", akukugulitsani mkuwa pamtengo wa golide.

Dziko lino lili ndi chitsanzo chake chimene chimadziwika padziko lonse. Ndalama ya Krugerrand, imene inayamba kusulidwa mu 1967, ndi ya makarati 22: magawo 11 golide, gawo limodzi mkuwa, popanda siliva. Imalemera magalamu 33.93 kuti m'kati mwake mukhale golide wokwana ounce imodzi, yomwe ndi magalamu 31.1. Mkuwa anauikamo kuti ndalamayo isamakandike poyenda m'manja mwa anthu, koma unaipatsanso kufiirira pang'ono kumene anthu amaizindikira nako. Golide wake amayengedwa ku Rand Refinery ku Germiston, kum'mawa kwa mzinda uno. Si rose gold weniweni, koma ikuonetsa kuti gawo limodzi lokha pa 12 likukwanira kusintha nkhope ya golide.

Sindingalembe za golide ndili ku Joni osakumbukira agogo anga aamuna. Golide anapezeka pafamu ya Langlaagte mu 1886, ndipo mzinda wonse uno unamera pamwamba pa mtsempha umenewo. Milu yachikasu ija timaiona tikamadutsa ku Crown Mines ndi dothi limene anthu anatulutsa pansi, ndipo pakati pa anthuwo panali makolo athu amene ankabwera pa Wenela. Mu 1970 dziko lino linakumba matani pafupifupi 1,000 a golide m'chaka chimodzi. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown ku Botswana, Amalawi 74 n'kufa, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi ya kuno. Agogo anabwerera kumudzi ndi bulangete, njinga ndi chifuwa. Golide wovala sanamugwirepo. Anzawo ena analowera ku Zambia, kumigodi ya mkuwa ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola. Ndikagwira ndolo ya rose gold ndimaganizira maulendo awiri amenewo, ngakhale ndikudziwa kuti golide wa mundoloyo mwina sanakumbidwe n'kuno komwe. China inapitirira South Africa pokumba golide mu 2007, ndipo zodzikongoletsera zambiri za m'mashopu muno n'zochokera kunja.

Fashoni yake si ya lero. M'zaka za m'ma 1800 golide wofiirira ankakondedwa kwambiri ku Russia, mpaka anthu a maiko ena ankangomutchula kuti golide wa ku Russia. Carl Fabergé, amene ankapangira mafumu a kumeneko mazira ochita kusula okongoletsedwa mwaluso, ankamugwiritsa ntchito. Mu 1924 kampani ya Cartier ku Paris inatulutsa mphete yotchedwa Trinity, ya timikombero titatu tolowana: kachikasu, koyera ndi kofiirira. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, chitsulo choyera chamtengo wapatali chotchedwa platinum chitaikidwa padera kuti chizigwira ntchito za nkhondo, osula ku America anabwerera ku golide wachikasu ndi wofiirira. Kenako fashoniyo inagona, n'kudzukanso.

Kudzuka kwake komaliza ambirife tinakuona ndi maso. Mu September 2015 kampani ya Apple inatulutsa iPhone 6s ya mtundu umene inautchula rose gold. Thupi la foniyo linali la aluminiyamu wopatsidwa mtundu basi. Chichokereni nthawi imeneyo dzinali linamasuka, linasiyana ndi chitsulo chake. Pali maketulo a rose gold, mabaluni a paukwati a rose gold, utoto wa zikhadabo, ngakhale mesh ya tsitsi. Choncho mtsikana wa pashopu ija atandiuza kuti ndolo zija ndi rose gold, sananame kwenikweni. Iye ankanena mtundu, ine ndinkamva chitsulo.

Zimene zimagulitsidwa ndi dzinali zilipo za mitundumitundu, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene maso amaonera. Pali golide wosakanizidwa mpaka m'kati, amene mutamudula pakati mupeza mtundu womwewo. Zina zonse n'zokutidwa pamwamba. Amatenga ndolo ya brass (mkuwa wosakaniza ndi zinc), siliva kapena chitsulo, n'kuiviika m'madzi a mankhwala mmene asungunuliramo golide ndi mkuwa, n'kudutsitsamo magetsi kuti kakhungu kopyapyala kamatirire. Kupyapyala kwake amayeza ndi micron, gawo limodzi pa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa ma micron makumi angapo, pamene kakhungu ka ndolo zotchipa nthawi zambiri sikafika ngakhale theka la micron imodzi. N'chifukwa chake thukuta la masabata atatu limakamaliza. Zabwinoko ndi zimene amati vermeil, siliva wa 925 wokutidwa ndi golide wonenepako. Malamulo a ku America amafuna kuti golideyo afike ma micron 2.5 kuti chinthu chitchulidwe dzina limeneli. Palinso gold filled, pamene chipepala cha golide chimamatidwa pachitsulo ndi moto ndi makina opsinja, ndipo golideyo amayenera kukwana gawo limodzi pa 20 a kulemera konse. Zimenezi zimatha zaka. Masiku ano kwachulukanso za stainless steel zopatsidwa mtundu m'njira yotchedwa PVD. Sizisuluka msanga, sizichita dzimbiri, koma mukafuna kugulitsa palibe angakupatseni kanthu.

Zilembo zina n'zofunika kuzidziwa. GP ndiye kuti zokutidwa, GF ndi gold filled ija. Koma msampha uli pa RGP. Ambiri amawerenga ngati kuti R akuimira rose, pamene amaimira rolled, kutanthauza golide wochita kumatidwa pamwamba, ndipo akhoza kukhala wa mtundu uliwonse.

Sindikunyoza zokutidwa ayi. Si aliyense angakwanitse golide, ndipo chibangili chokutidwa kapena unyolo wovala pa Sabata pokha ungakhale nthawi yaitali. Vuto la ndolo n'lakuti siikhala pamwamba pa khungu. Imadutsa m'kati mwa mnofu, pamalo ofunda, a chinyezi, pamene pamasonkhana thukuta, mafuta odzola ndi mankhwala a tsitsi. Pamenepo ndi pamene kakhungu kaja kamayambira kutha, ndipo chimene chili pansi pake chimakhudza thupi mwachindunji.

Zimene zinandichitikira ine zinali ziwiri, ndipo n'zosiyana ngakhale anthu amaziphatikiza. Kamzere kobiriwira ndi mkuwa ukakumana ndi thukuta. Kamanyansa koma kamachoka ndi sopo, ndipo nthawi zina kamaoneka ngakhale pa rose gold weniweni wa makarati 9 kwa anthu otuluka thukuta kwambiri. Kuyabwa, kutupa, tizilonda totuluka madzi, zimenezo kawirikawiri ndi nickel. Chitsulo chimenechi amakonda kuchiika pansi pa kakhungu ka golide kuti ndolo inyezimire bwino, kapena chimakhala mu chitsulo chenicheni cha ndoloyo. Thupi likangodana ndi nickel, chidanicho sichitha. Mudzayamba kuyabwidwa ndi batani la jinzi, ndi chitsulo cha lamba wa wotchi, ndi tizitsulo ta bra. Ndipo njira imodzi yaikulu imene chidanichi chimayambira ndi kuboola makutu n'kuikamo ndolo za nickel bala lisanapole. Maiko a European Union anafika poika lamulo loti kachitsulo kolowa pobooledwa kasamatulutse nickel wopitirira microgram 0.2 pa sikweya sentimita imodzi pa sabata. Apa rose gold weniweni ali ndi mwayi, chifukwa kaphikidwe kake ka nthawi zonse ndi golide, mkuwa ndi siliva. Safuna nickel kuti aoneke mmene amaonekeramo.

Kumudzi ife anatiboola ndi singano yootcha pamoto, n'kusiyamo kaulusi, kenako kaudzu, mpaka bala litauma. Agogo aakazi a kuchimuna, Ayao a ku Machinga, anali ndi chipini pamphuno, ndipo sindinawamvepo akudandaula kuyabwa. Kuno ana athu timawaboola ndi kamfuti kumolo n'kuwaika msanga tindolo ta fashoni. Pansi pa khutu pofewa paja pamafuna masabata 6 mpaka 8 kuti papole, ndipo pamwamba pa khutu polimba pamatenga miyezi. Nthawi yonseyo m'khutu muzikhala titanium kapena golide weniweni wa makarati 14 kupita m'mwamba, osati zokutidwa. Ife akhungu lakuda tilinso ndi nkhani ya zipsera zotupa zija madokotala amati keloid, zimene zimakonda kumera pakhutu ndipo zimatigwira ife kuposa azungu. Ngati m'banja mwanu alipo amene ali nazo, ganizani kawiri musanawonjezere bowo lachitatu, ndipo khutu likayamba kutupa molimba pitani kuchipatala, musamangopaka Vaseline.

Bambo a ku Zomba aja anandiuzanso kuti posula rose gold ndi wamakani kuposa wachikasu, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa. Atomu ya golide imalemera pafupifupi katatu kuposa ya mkuwa. Choncho mu golide wofiira wa makarati 18, ngakhale pasikelo golide ali magawo atatu mkuwa gawo limodzi, mukawerenga maatomu mupeza kuti ali pafupifupi mmodzi kwa mmodzi. Chitsulocho chikatentha kwambiri maatomuwo amakhala osakanikirana mwachisawawa, ngati anthu pamsika. Chikamazizira pang'onopang'ono n'kutsika pansi pa madigiri pafupifupi 410, amayamba kufola m'mizere, mzere wa golide, mzere wa mkuwa, ndipo akafola choncho chitsulo chimauma gwa, mpaka chimatha kung'aluka pochipinda. Wosula wodziwa ntchito sachisiya kuti chizizire chokha. Akachiotcha amachiviika msanga kuti maatomu asapeze mpata wofola. Kwa ife ovala, tanthauzo lake ndi lakuti rose gold ndi wolimba, sakandika msanga ngati wachikasu wa makarati omwewo, koma sakonda kupindidwapindidwa. Kawaya ka ndolo kakapotoka, musakawongole ndi mano lero, mawa ndi pulayazi. Kadzathyoka. Pitani nako kwa wosula.

Nanga n'chifukwa chiyani mtundu umenewu umakoka mtima chonchi? Chitsulo chilichonse chimameza mbali ina ya kuwala n'kubweza yotsala. Siliva amabweza pafupifupi konse, n'chifukwa chake ndi woyera. Golide amameza kwa buluu n'kubweza chikasu. Mkuwa umameza kwa buluu ndi kobiriwira, n'kubweza kofiira. Zikasakanikirana pamatuluka mtundu wofunda, wapafupi ndi mtundu wa thupi la munthu. Ena amati rose gold amakhala bwino kwa oyera khungu okha. Ine ndikukana. Golide wachikasu pakhungu lathu amafuula, amaonekera patali, ndipo pali masiku amene munthu umafunadi kufuula. Siliva amawala mozizira. Koma rose gold amakhala ngati watuluka m'khungu momwemo, makamaka kwa ife amene khungu lathu lili ndi kufiirira kwapansipansi. Madzulo a m'nyengo yozizira kuno, dzuwa likapendeka n'kudutsa m'fumbi la Highveld, ndolo yake imayaka ngati khala limene latsala pang'ono kuzima. Imayenderana ndi chitenje cha maroon, chobiriwira kwambiri, cha navy kapena chakuda. Pachitenje cha chikasu chowala ndi orenji imasowa, ndipo pamenepo ndi bwino kungovala golide wachikasu. Ogulitsa amakonda kuikapo mwala wa pinki wotchedwa morganite, ndipo n'zokongola ndithu, koma ine ndikanakhala ndi ndalama ndikanaikapo ruby wa kuphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu.

Ubwino wina umaoneka pakapita zaka. Golide woyera wambiri amakutidwa ndi chitsulo chotchedwa rhodium kuti ayere mbee, ndipo kakhungu kameneko kakatha amaoneka wachikasu pang'ono, n'kufunika kukamuviikanso. Rose gold weniweni alibe chovala choti chithe. Chimene chimachitika n'chakuti mkuwa wa pamwamba umada pang'ono ndi mpweya, ndolo n'kumaoneka yofiira mozama kuposa tsiku logula. Ena amaukonda mtundu wakalewo. Osaukonda, mphindi zochepa pamakina opolishira zimaubweza.

Ambirife kuno timagwira ntchito za m'nyumba, za m'masaluni ndi zosamalira ma swimming pool, ndiye mdani wamkulu wa golide timakhala naye m'manja tsiku ndi tsiku. Ndi chlorine, amene ali mu Jik ndi m'mankhwala a m'ma pool. Golide weniweniyo samukhudza kwambiri, koma amadya zitsulo zosakanizidwa zija, makamaka polumikizira, mpaka kachitsulo kamathyoka popanda chenjezo. Golide wa makarati ochepa ndiye amavutika kwambiri. Vulani ndolo musanasambire, musanapake mankhwala owongola tsitsi kapena dayi, ndipo perefyumu azikhala woyamba, ndolo pomaliza. Potsuka, madzi ofunda, kadontho ka sopo wotsukira mbale ndi mswachi wofewa zakwana. Phulusa ndi mchenga tisiyire mapoto. Mankhwala otsukira mano nawonso amakanda, ndipo pa zokutidwa amachotseratu kakhungu kaja.

Pogula, chidindo chimakhala pakawaya kolowa m'khutu kapena pakachitsulo kotsekera kumbuyo. Maso okha sangawerenge. Jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Koma chidindo munthu akhoza kudinda pa chilichonse, choncho si umboni wokwanira. Maginito amathandizako: golide, mkuwa ndi siliva sizikokedwa, ndiye ndolo ikadumphira ku maginito nkhani yatha. Ikapanda kukokedwa musasangalale msanga, chifukwa brass nayenso sakokedwa. Osula amakhutiza chinthucho pamwala wakuda n'kudonthezera asidi pamzerewo, ndipo mashopu ena ali ndi makina a XRF amene amawerenga zitsulo zimene zili pamwamba pa chinthucho popanda kuchikanda. Koma muyeso umene sufuna chipangizo chilichonse ndi masamu. Mu October 2025 mtengo wa golide unadutsa madola 4,000 pa ounce kwa nthawi yoyamba. Gawani ndi 31.1, mupeza madola pafupifupi 128 pa galamu. Peyala ya makarati 9 yolemera galamu imodzi ili ndi golide wokwana galamu 0.375, amene ndi madola pafupifupi 48, kupitirira R800 pa kasinthidwe ka nthawi imeneyo. Apo simunawerengere wosula, lendi ya shopu ndi VAT. Zanga zija zinali zazikulu ngati chibangili cha mwana, pa R70. Ndikanangowerengera, sindikanafunika kufunsa munthu.

Lisiti lizinena makarati ndi kulemera kwake, osati kungoti "earrings". Lamulo la kuno loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, limapatsa munthu miyezi 6 yobwezera katundu amene wapezeka ndi vuto, koma popanda lisiti mkangano wake ngwovuta. Ndipo wina akakuimitsani pafupi ndi renki n'kukutsegulirani kapepala, akuti muli golide wa kumgodi wotchipa woti mukasulitse ndolo zanu, pitirirani. Mwina ndi brass wopalidwa, ndipo ngati ndi golide ndithu ndiye zaipiratu, chifukwa Precious Metals Act ya 2005 imaletsa kusunga golide wosasulidwa popanda chilolezo. Kwa mlendo m'dziko la eni, mlandu umenewo ndi wosafunika kuuyandikira. Ku renki komweko ndolo zazikulu zolendewera ndimaziika m'chikwama. Wolanda safunsa ngati ndi za R70, ndipo khutu long'ambika limasokedwa chimodzimodzi.

Za mlamu zija ndinazilingalira kwa masiku angapo. Pomaliza ndinaika pa lay-by tindolo tating'ono ta makarati 9, tomata pakhutu ngati njere ya mapira, n'kumalipira miyezi itatu. Ndalama yake ndikanagulira mapeyala 20 a zozungulira zija. Ndinatikulunga m'kansalu, n'kutiika m'kati mwa nsapato za chinkhoswe, ndipo zozungulira zijanso ndinaponyamo, nditalemba kapepala koti zimenezi avale pojambulitsa ndi pa perekaniperekani pokha, akafika kunyumba avule. Katundu anayenda masiku anayi pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Dedza.

Voice note inabwera Lachinayi m'mawa ndili kuntchito. "Alamu, zafika, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Zazikuluzi ndiye zenizenitu, aliyense akuzifuna. Koma tating'onoti mwatumizira mwana kapena ine?"